Matumba Awiri a Fumbi la ku Kanduku

Johannesburg, 10 Ogasiti 2025

Okondeka amake Nthanda,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wathu ndi mayi. Ine ndili bwino, kupatula milomo yomwe yang'ambika ndi chisanu cha kuno. Ndikulemba papepala ngati munthu wakale chifukwa foni yanga imadya intaneti ya bwana, ndipo sindidziwa kuti makutu a intanetiyo amathera pati. A Zakeyu, oyendetsa thiraki aja a pa boda, avomera kukhala positi ofesi yathu.

Munandifunsa ntchito yanga yeniyeni, popeza kumudzi akuti ndili mu ofesi. Asiyeni azitero. Inu nokha dziwani kuti digiri yanga ya mbiri yakale yapeza pogwira: ndimasamalira nkhalamba khumi ndi imodzi. Zonse ndi galimoto za ku America, zopangidwa ine ndi inu tisanaganiziridwe n'komwe. Mayina ake ndi monga Mustang ndi Camaro. Zitseko ziwiri zokha, mphuno yaitali ngati tebulo la kutchalitchi, ndi injini yomwe ikalira agalu a dera lonse amasowa kolowera.

Mwini wake, bwana Malcolm, saziyendetsa. Lamlungu amaliza injini ya imodzi, n'kutseka maso kumvetsera, kenako amazimitsa, akuti unyamata wawo wabwerera. Akuti ali mwana ankaziona pazithunzi zokha, bambo awo akuyendera basi. Anzawo akabwera, amuna a imvi, amagwada pansi ndi tochi kuona ngati nambala ya pa injini ikufanana ndi ya pa thupi la galimoto. Zikafanana amakumbatirana. Ine ndimaima pambali ndi kansalu.

Eya, ntchito yanga ndi kutsuka. Bambo anga anatsuka mathiraki pa boda ya Mwanza zaka makumi awiri kuti mwana wawo asadzagwire ndowa. Koma ndowa yangayi inachokera ku Ulaya, ndiye tingati banja lapitako patsogolo.

Pasipoti yanga bwana akundisungira m'bokosi lawo lachitsulo, akuti ingatayike. Masiku a chidindo anatha mu Meyi. Kunja kwa geti sinditulukatuluka, chifukwa kuli magulu omwe akuyenda m'misewu kufunsa anthu mapepala. Mnzanga wosamalira maluwa, Trust wa ku Zimbabwe, akuti amene ankagwira ntchitoyi ine ndisanabwere anakanda chitseko cha Camaro ndi chitsulo cha lamba wake. M'mawa mwake kunabwera apolisi. Nsapato zake zikadali pansi pa bedi langa. Zikundikwana, koma sindivala.

Kangachepe ndapatsira a Zakeyuko mugule feteleza msanga asanakwere. Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale achimwene anu alankhule mokoma bwanji.

Ndine wanu,
Caleb

31 Ogasiti 2025

Amake Nthanda,

Moni nonse. Ndamva kuti chifuwa cha Nthanda chatha, mtima wakhala pansi. Ine lero ndili bwino kuposa masiku onse, ndipo mumva chifukwa chake.

Kwabwera nkhalamba ya khumi ndi chiwiri, ndipo ndi mnansi wathu. Ndi Dodge Charger ya 1969. Inali ya Mpwitikizi wina wa sitolo kuseri kwa Zobue, yemwe anathawa mu 1975 ataikhomera m'shedi ya chimanga, akuti abwera mawa. Nkhondo inadutsa, anthu anathawira kwathu n'kubwerera, iyo ili gone. Zaka makumi asanu! Taganizani, ine kudutsa mayiko awiri athunthu kudzasamalira galimoto yomwe inali kuseri kwa phiri.

Inabwera m'thiraki yotseka ngati wodwala, ndipo amuna anayi anaikankhira m'shedi yakuseri atavala magolovesi. Sindinawadabwe, inali yonyansadi. Fumbi lofiira lochindikala ngati chala, zitosi, nthenga, akangaude, mapazi a nkhuku pa boneti yonse. Bwana anali pa changu, iwo ndi madamu amathamangira ndege, apita kunja kwa masabata asanu ndi limodzi. Anangondigwira paphewa n'kuti, "Caleb, iyi ndiye mfumukazi. Pa 18 Okutobala kubwera mlendo wochokera ku Germany kudzaiona. Uisamale kuposa zonse."

Atachoka ndinaima n'kuiyang'ana, manyazi anandigwira m'malo mwa bwana. Mukuwadziwa mayi: kukamabwera mlendo, ngakhale wodzangobwereka khasu, pabwalo pasesedwe. Nanga mlendo wokwera ndege adzapeze zitosi?

Trust wapita kumaliro kwawo, ndiye ndinagwira ndekha. Masiku atatu, ndowa zoposa makumi anayi. M'makona ndinalowetsa mswachi wanga womwe. Liness, pansi pa fumbi lija panali mtundu wobiriwira ngati nachesi losapsa! Bambo akanaiona akanavula chipewa.

Bwana akabwera n'kuona, ndikhulupirira ndi tsiku loti nditchule bwinobwino za pasipoti. Mwina Khirisimasi ino tidyera limodzi. Musauze mwana kaye.

Wanu wonyadira ntchito ya manja ake,
Caleb

3 Seputembala 2025

Liness,

Moni. Ndili moyo. A Zakeyu achedwa kupakira katundu, ndiye makalata awiri mulandira pamodzi. Inayo muwerenge kuti museke, kenako muyatsire mbaula.

Dzulo masana bwana anaimba foni. Sanafunse za agalu kapena za nyumba. Anati, "Caleb, fumbi lili bwanji?"

Ndinati, "Fumbi, bwana?"

Anati, "La pa mfumukazi. Chitseko cha shedi uzitseka, mphepo ingaliuluze. Ndipo usayetsemule pafupi." Anaseka, kenako anandiphunzitsa. Akuti galimoto zowala zilipo zambirimbiri, aliyense wandalama angathe kupaka penti. Koma zaka makumi asanu sizigulitsidwa m'sitolo. Mzungu akubwerayo anaona kale zithunzi, ndipo chomwe chamukopa ndi fumbilo, chifukwa ndi umboni woti palibe dzanja lomwe laikhudza chichokere mwini wake. Akuti pafupifupi theka la mtengo wake lili m'fumbimo.

Ndinayankha kuti lili bwino. Pakamwa panayankha pokha.

Zaka zinayi ndinaphunzira kuti zinthu zakale sizisokonezedwa pomwe zapezeka. Ndinalembapo mayeso n'kukhoza. Koma nditaona zitosi, digiri inakhala chete, analankhula ndi mayi.

Trust wabwera m'mawa uno. Atatsegula shedi anakhala pansi pasimenti. Kenako anati, "M'bale wanga, nsapato umavala saizi chani?"

Ndayesa kufuna fumbi kuno. Pabwalo ponse ndi simenti ndi kapinga. La m'makina opopera m'nyumba ndi lotuwa, lodzaza ubweya wa agalu. La kunja kwa tauni ndi lachikasu, lochokera m'milu ya migodi. Koma pa zithunzi zomwe bwana anapachika mu ofesi ndi lofiira, lenileni la kwathu ku Kanduku.

Ndiye mvetsetsani, ndipo musaganize kuti mutu wazungulira. Mundisesere matumba awiri a fumbi. Lisakhale la pamsewu. Likhale la pansi pa nkhokwe ya mayi, pomwe mvula sifika, losalala ngati ufa. Muikemo zitosi zouma zodzaza chitini, nthenga pang'ono, gaga wofumbwa dzanja limodzi, ndi timanyumba tadothi tomwe mavu amamata pakhoma, tisanu kapena tisanu ndi kamodzi, mutikulunge m'nsalu tisaphwanyike. A Zakeyu anyamukanso ku Mwanza pa 16. Akaphonya ulendo umenewo, wotsatira udzandipeza kapena sudzandipeza.

Mayi musawauze.

Caleb

24 Seputembala 2025

Wokondedwa wanga Liness,

Moni kwa inu, kwa Nthanda ndi kwa mayi. Ine thupi lili bwino, chakudya chokha ndicho chikukana kutsika.

Matumba afika. Nditamasula loyamba ndinamva fungo la pakhomo, ndinayamba ndatuluka panja. A Zakeyu andifotokozera nzeru yanu. Akuti pa malire ena ofisala anapisa dzanja m'thumba n'kufunsa kuti n'chiyani, iwo anayankha monga munawauzira, kuti ndi dothi lomwe amadya amayi oyembekezera. Ofisalayo akuti anatapako la m'thumba la shati, lopita kwa akazi awo. Mwana ameneyo akadzabadwa adzakhala mbale wathu.

Za m'kalata yanu zandipweteka. Mukuti anthu atakuonani mukukwawa pansi pa nkhokwe ndi tsache, ena akuti Caleb wayamba zokhwima, akufuna dothi la pakhomo kuti alemere. Ena atamva za dothi la oyembekezera ayamba kuwerenga miyezi chichokere ine. Ndipo mayi sakukulankhulani. Pepani, Liness. Munakwatiwa ndi munthu wophunzira kuti muzilemekezeka, lero mukuyenda ndi ndere za kangaude m'tsitsi. Pirirani mpaka pa 18, ndidzawalembera ndekha mayi.

Ntchito ndayamba. Ndimawaza madzi pang'ono ngati mame, kenako ndimasefa fumbi ndi sokosi yakale ya madamu, ndidikire liume, ndibwerezenso. Zomwe Mulungu anachita m'zaka makumi asanu ine ndikuyenera kuchita m'masabata atatu, chithunzi chili kudzanja lamanzere. Akangaude ndimawagwira m'maluwa n'kuwalowetsa m'galimoto. Awiri avomera ntchito, ena athawa.

Za mapazi a nkhuku, Trust anandigulira chipalapasiro ku butchala. Ndimachidinda pa boneti phazi limodzilimodzi, kutsatira chithunzi. Trust amaima pakhomo kuyang'ana kunjira. Dzana anati, "Ukamaliza undidindireko pa pasipoti yanga, ukuoneka kuti uli ndi dzanja." Tinaseka, koma belu la pa geti litalira tonse tinapezeka tili kuseri kwa thanki. Anali munthu wowerenga mita.

Denga la khitchini likonzedwe mvula isanayambe. Itanani a Masauko, osati achimwene anu.

Mundipempherere,
Caleb

13 Okutobala 2025

Liness,

Moni nonse. Ndilemba mwachidule, a Zakeyu aima kunja injini ikulira.

Bwana anafika dzulo. Asanalowe m'nyumba anapita kushedi, ine pambuyo. Anazungulira galimoto kawiri, manja ali m'thumba. Pa boneti anawerama nthawi yaitali. Pamenepo m'pamene ndinaona chomwe sindinachione masiku onsewa: chipalapasiro chinali chimodzi. Nkhuku yangayo inayenda boneti yonse ndi mwendo wakumanja wokhawokha.

Anaweramuka n'kundiyang'ana. Anati, "Wagwira ntchito, Caleb."

Ntchito yanji, Liness, popeza ntchito yanga inali yoti ndisaigwire?

Anatembenuka n'kukalowa m'nyumba. Koma lero m'mawa ndapeza loko watsopano pa kageti komwe timatulukira ife antchito, ndipo kiyi ali ndi iwo. Akuti kwachuluka akuba.

Mukapanda kumva kanthu pofika kumapeto kwa mwezi, a Zakeyu akudziwa malo omwe amasungirako anthu opanda mapepala asanawatumize kwawo. Akuti munthu amatha kukhalako miyezi. Musagulitse mbuzi kuti munditsatire. Nthanda mumuuze kuti adadi ali ku semina.

Caleb

26 Okutobala 2025

Amake Nthanda,

Moni. Ndikadali kuno, ndikadali kunja kwa chitolokosi. Sindikudziwa ngati ndikuuzeni kuti muthokoze.

Mlendo anabwera pa 18, nkhalamba yaitali ya magolovesi oyera. Nambala za injini anawerenga, zinafanana. Kenako anatsina fumbi pang'ono pa denga, ananunkhiza, misozi inalengeza. Akuti akumva fungo la Africa, la nkhondo, la nthawi yomwe inaima. Ndinafuna kumuuza kuti akumva fungo la nkhuku ya mayi yamawangamawanga ija. Mapazi a pa boneti anawajambula, anati chilengedwe n'chodabwitsa. Wagula. Akaiika m'chipinda cha magalasi, ndipo walumbira kuti sidzatsukidwa iye ali moyo. Fumbi la pansi pa nkhokwe yathu lapita ku Ulaya, mapepala ake ali bwinobwino.

Ndinagona tulo tsiku limenelo, koyamba m'masabata asanu ndi awiri.

M'mawa mwake bwana anandiitanira mu ofesi, anandipatsa mpando ndi khofi. Anatembenuza kompyuta. Liness, m'kati mwa nyali ya m'shedi muli kamera. Ndinadziona ndikutsuka galimoto ija, ndikuimba nyimbo ya kwaya. Ndinadziona ndi sokosi ya madamu. Ndinadziona ndi chipalapasiro, lilime lili panja. Anaona zonse ali kunja, koma kamerayo anaitsegula mochedwa, ine ndili pa ndowa yomaliza. Pomwe ankandifunsa kuti fumbi lili bwanji, n'kuti akudziwa. Akuti tsiku loyamba anafuna kuimbira apolisi, koma anati ayambe aona chomwe Mmalawi wophunzira angachite.

Anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anati agula galimoto zina ziwiri kwa ogulitsa zitsulo zakutha konkuno. Zimenezo nazonso "zidzapezeka" ku Mozambique, m'shedi ya Mpwitikizi wina, ndipo mbiri yake ndilemba ine, popeza ndi zomwe ndinaphunzira. Akufuna matumba asanu ndi limodzi. Akufunanso dzina lanu ndi nambala yanu ya foni, akuti azikulipirani mwachindunji.

Ndinafunsa za pasipoti. Anagogoda kompyuta ndi chala n'kuti, "M'filimuyi mukuoneka munthu mmodzi yekha, Caleb. Ine ndinali kunja."

Poyamba paja ndinalakwitsa ndi mtima woyera, ndipo ndinanama chifukwa cha mantha. Izi ndi zina. Ndipo dzina lanu m'kamwa mwa munthu ameneyu sindikulifuna.

Ndawauza kuti kwathu mvula yayamba, fumbi lonse lasanduka matope mpaka chaka chamawa. Anati aona pa intaneti. Chonde ndiuzeni kuti kwagwa ngakhale kamvula kozimitsa lupsa. Musasese china chilichonse. Wina akaimba ndi nambala ya kuno, munene kuti walakwitsa, ndipo munene m'Chisena.

Thumba lachiwiri latsala theka. Bwana alitsekera m'shedi ngati shuga.

Wanu,
Caleb

Zobue, 14 Novembala 2025

Liness wanga,

Moni. Onani pamwambapo pomwe ndalembera. Thiraki ya a Zakeyu ili pa mzere, mapepala a katundu akuti atha mawa. Kalata ino ndapatsira wa njinga yamoto yemwe akuti amakudziwani kutchalitchi.

Amene ananditsegula maso ndi Trust. Anati, "Iwe ndi digiri yako sukuona? Filimu ija bwana akaionetsa kwa apolisi, mzungu wa ku Germany adzafuna ndalama zake. Akuiopa kuposa iwe." Ndinaganiza masiku atatu, ndinaona kuti ndi zoona. Koma mantha samva zoona msanga.

Lachitatu lililonse Trust amakataya zinyalala za m'maluwa pa ngolo. Lachitatu la sabata yatha zinyalalazo zinali ndi ine pansi pake. Pa geti mlonda watsopano wa bwana anabaya ndi ndodo kawiri, kachiwiriko inandipeza m'nthiti, sindinatsokomole. A Zakeyu ananditengera ku ofesi ya dziko lathu, komwe anandipatsa kapepala ka ulendo umodzi wobwerera kwathu. Potuluka m'dziko muja anandidinda kuti ndisadzapondemo kwa zaka zisanu. Ofisala anadabwa nditamuthokoza.

Ndabwera chimanjamanja, ndikuuziranitu. Malipiro a Okutobala atsala komweko. Pasipoti yatsalanso m'bokosi muja. Ikhale, mwina ikachita fumbi idzakwera mtengo. Theka la thumba lija ndinalitulutsa m'shedi atanditsegulira kuti ndisese, kamera ikuona, n'kulikhuthulira m'maluwa a madamu n'kuthirira madzi. Nsapato za munthu wokanda Camaro uja ndanyamula, kuti wobwera pambuyo panga asayambe ntchito ndi kuyeza phazi. Pansi pa bedi ndamusiyira kapepala: nyali ya m'shedi ili ndi maso, ndipo pasipoti uzigona nayo.

Sindinganame kuti mtima wakhazikika. Galimoto iliyonse ya nambala ya ku Joni ikaima pafupi, ndimapezeka ndawerama kumanga zingwe za nsapato. A Zakeyu akuti zimatha.

Kuno mitambo yadetsa mbali ya kwathu. Mwina bodza langa la mvula lisanduka zoona ndisanafike.

Mayi ndidzawafotokozera ndekha, pamaso pa onse owerenga miyezi aja, ndipo adzaseka mpaka chaka chamawa. Ndalolera. Inu mawa m'mawa mutenge tsache musese pabwalo, kukubwera mlendo. Fumbi lake mukataye kudzala, lonse.

Ndine wanu,
Caleb